Buku la Namwino Liyambira pa Buku Lanu



Ndiyambe ndi kukupemphani kanthu. Mukafika kunyumba madzulo ano, mukapemphe amai kuti akuonetseni khadi lanu la ku sikelo, lija anali kupita nalo ku kiliniki pamene inu munali makanda. Ambiri a inu mudzapeza kuti likali kusungidwa, mwina m'kacikwama ka pulasitiki, mwina pansi pa sutukesi pamodzi ndi makalata ena ofunika. Mukaliyang'ane bwino. Mudzaonapo tsiku limene munabadwa, kulemera kwanu mwezi ndi mwezi, ndi masiku amene munalandira katemera. Amai anu sangakumbukire manambala onsewo, ndipo namwino amene anakuikani pa sikelo anakuiwalani kale, pakuti anaona ana ambirimbiri pambuyo panu. Koma khadilo silinaiwale kanthu. Cifukwa cake ndi cakuti amene analilemba analemba cinthu ciriconse pa malo ace, naikapo tsiku, ndipo amai anu analisunga pabwino.

Kodi namwinoyo anaphunzira kuti kulemba motero? Anaphunzira ku sukulu ya unamwino, ndipo anayamba ndi mabuku ace a iye mwini. Lero tsono ndifuna kukamba nanu za m'mene wophunzira unamwino asungira manotsi ace ndi mapepala amene aphunzitsi amampatsa. Ena a inu, anyamata ndi atsikana omwe, mudzakhala anamwino. Ena mudzasankha nchito zina. Koma nonse muli ndi buku patsogolo panu tsopano lino, ndipo nkhaniyi ikhudza bukulo.

Ku sukulu ya unamwino

M'dziko lathu la Zambia masukulu ambiri a unamwino ali pambali pa zipatala. Ku Lusaka kuli sukulu pa cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital. Kum'mawa kuli masukulu pa cipatala ca ku Chipata, pa cipatala ca St Francis ku Katete, ndi pa cipatala ca Mwami. Kuti munthu alowe, ayenera kutsiriza sekondale ndi kupambana bwino, makamaka Cingerezi, masamu ndi sayansi. Maphunziro a dipuloma atenga zaka zitatu. Potsiriza wophunzira alemba mayeso a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1970, ndipo kuyambira pa lamulo la mu 2019 lichedwa Nursing and Midwifery Council of Zambia. Munthu amene dzina lace silinalembedwe m'kaundula wa bungweli saloledwa kugwira nchito ya unamwino.

M'zaka zitatuzo wophunzira aphunzira zinthu zambiri: ziwalo za thupi ndi kagwiridwe kace ka nchito, tizirombo toyambitsa matenda, mankhwala ndi miyeso yace, kadyedwe koyenera, kasamalidwe ka ana, ka amai apakati, ka odwala misala, ndi ka anthu ocitidwa opareshoni. Milungu ina akhala m'kalasi, milungu ina apita ku mawodi kukaphunzira pa odwala enieni.

Kuphunzitsa kwa kumeneko kusiyana ndi kwa kuno ku pulaimale. Kuno aphunzitsi anu alemba pa bolodi, nayembekeza kuti nonse mutsirize kukopera. Kumeneko mphunzitsi alankhula kwa ola lathunthu kapena awiri, ndipo wophunzira asankha yekha zoti alembe. Zolemba zoterezi ndizo manotsi. Kuonjezera apo mphunzitsi agawa mapepala osindikizidwa, ndipo masiku ano mapepala ena atumizidwa pa foni. Cisanathe caka coyamba, wophunzira ali ndi mulu wa mapepala wofika m'maondo. Bvuto lace siliri kusowa zowerenga iai. Bvuto lace ndi kupeza cinthu cimodzi cimene afuna, pa nthawi imene acifuna.

Ophunzira awiri

Tiyeni tiyerekeze atsikana awiri ogona cipinda cimodzi pa sukulu yotere. Onse ndi anzeru, ndipo onse sajomba m'kalasi.

Woyamba ali ndi buku limodzi lalikulu. M'mawa alembamo za mafupa, masana za malungo, mawa lace za mankhwala, zonse motsatana, popanda mutu, popanda tsiku. Mapepala ogawidwa awapinda nawaika pakati pa buku, ndipo akaculuka awaponya m'katoni kunsi kwa bedi. Mumtima mwace ati, "Ndidzawalongosola mayeso akayandikira."

Waciwiri alemba phunziro lirilonse pa malo ace, ndipo madzulo alionse atenga mphindi zowerengeka kuika mapepala a tsikulo m'malo mwao.

Tsiku lina onse awiri atumizidwa ku kiliniki ya ana. Pa mzere wautali pali mai wobereka mwana wa miyezi 8 amene ali kutsokomola. Woyamba uja awerenga kupuma kwa mwanayo kwa mphindi imodzi yathunthu monga anaphunzitsidwira, napeza kuti wapuma ka 54. Apa ndipo aima. Akumbuka kuti mphunzitsi anachula manambala atatu, 40, 50 ndi 60, koma sakumbuka nambala ya msinkhu uwu. Ngati malire ndi 60, mwanayu angathe kuyembekeza pa mzere. Ngati ndi 50, mwanayu ali kupuma mofulumira, ndipo cimeneci ndi cizindikiro ca cibayo. Adziwa kuti yankho liripo, analilemba ndi dzanja lace, koma liri m'katoni kunsi kwa bedi.

Mnzace aturutsa kabuku m'thumba la yunifomu, natsegula pa tsamba limene analemba motere: mwana wosafika miyezi 2, kupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi ndiko kufulumira, wa miyezi 2 mpaka wosafika miyezi 12, ka 50, wa caka cimodzi mpaka wosafika zaka 5, ka 40. Pomwepo aitana namwino wamkuru, ndipo mwanayo acotsedwa pa mzere kuti aonedwe msanga.

Taonani, ana inu. Onse awiri anamva phunziro limodzi, onse analilemba. Kusiyana kwao kunali kwakuti wina anatha kulipeza. Cimene munalemba koma simungathe kucipeza cifanana ndi khasu limene munabwereka osakumbuka amene munambwereka: ndi lanu ndithu, koma silikulimirani.

Phunziro lirilonse ndi nkhokwe yace

Inu a kumidzi mudziwa kuti pokolola sitithira cimanga, nshawa ndi nyemba m'nkhokwe imodzi. Cimanga ciri ndi nkhokwe yace, nshawa ziri ndi malo ao, ndiwo zofutsa zimangidwa m'cikwatu, ndipo mbeu ya caka ca mawa isungidwa payokha. Ndi cifukwa cace agogo anu angathe kukutumani usiku kukatenga nyemba, inu nkuzipeza popanda nyali. Manotsi afuna mwambo womwewo.

Lamulo loyamba ndi ili: phunziro lirilonse likhale ndi buku lace kapena faelo yace. Faelo iposa buku pa cinthu cimodzi, cakuti mungathe kulowetsa pepala latsopano pakati pa akale. Wophunzira amene alibe ndalama za faelo ya m'sitolo asade nkhawa. Katoni yopyapyala, coboolera ndi cingwe ca nsapato zipanga faelo yabwino. Pa cikuto alembe dzina lace, dzina la phunziro ndi caka, ndipo alembenso dzina la phunzirolo pa msana wa faelo kuti lioneke pamene mafaelo aimikidwa pamodzi.

Lamulo laciwiri: mphunzitsi asanayambe kulankhula, wophunzira alembe zinthu zitatu pamwamba pa tsamba latsopano, ndizo tsiku, mutu wa nkhani, ndi dzina la mphunzitsi. Mutu umthandiza kupeza nkhaniyo. Dzina la mphunzitsi limuuza woti akamfunse ngati pali posamveka. Za tsiku ndikamba bwino patsogolo pano, pakuti ndilo lofunika koposa.

Lamulo lacitatu: masamba onse akhale ndi manambala, ndipo masamba awiri oyamba a buku asiyidwe osalembapo. Pamenepo wophunzira alemba mndandanda wa zamkati, mzere umodzi pa phunziro lirilonse: mutu wace ndi nambala ya tsamba. Kulemba mzere umenewu sikutha ndi mphindi imodzi yomwe. Koma pakapita miyezi isanu ndi umodzi, mndandandawo ndiwo umfikitsa pa nkhani ya cibayo mosacedwa, pamene mnzace ali kutembenuza masamba limodzilimodzi.

Lamulo lacinai likhudza mapepala ogawidwa. Pepala lirilonse lilembedwe tsiku pa nthawi yomwe lalandiridwa, ndipo lilowe m'faelo dzuwa la tsiku lomwelo lisanalowe, pafupi ndi manotsi a nkhani yace. Ngati wophunzira alemba m'buku losokedwa, apatse pepalalo nambala, ndipo m'mbali mwa manotsi ace alembe kuti, "Onani pepala 14." Motero buku ndi pepala zilozerana. Pepala limene lagona usiku umodzi m'thumba kawirikawiri ligona momwemo mwezi wathunthu.

Kugawa tsamba patatu

Pali njira ina yolembera imene ophunzira ambiri aipeza yothandiza. Anaikonza mphunzitsi wina wochedwa Walter Pauk pa yunivesite ya Cornell ku America m'zaka za m'ma 1950. Aphunzitsi, ngati nkotheka jambulani tsamba lalikuru pa bolodi pamene ndiri kufotokoza.

Tengani rula, mulembe mzere wotsika kucokera pamwamba, kusiya danga la zala zitatu ku dzanja lamanzere. Kenaka lembani mzere wopingasa pafupi ndi pansi, kusiya mizere inai kapena isanu. Tsopano tsamba liri ndi zipinda zitatu. M'cipinda cacikuru ca kumanja mulemba zimene mphunzitsi ali kunena, mwacidule, mfundo iriyonse pa mzere wace. Cipinda copapatiza ca kumanzere cikhala copanda kanthu mpaka madzulo. Pamenepo muwerenga zimene munalemba, ndipo pa mfundo iriyonse mulemba funso lace kumanzereko. Mwacitsanzo, ngati kumanja kwalembedwa kuti mtima wa munthu wamkuru wopumula ugunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, kumanzere mulemba kuti, "Mtima wa wamkuru ugunda kangati?" M'cipinda ca pansi mulemba phunziro lonse m'ziganizo ziwiri kapena zitatu za mau anu.

Ubwino wace uoneka pokonzekera mayeso. Muphimba mbali ya kumanja ndi pepala, muwerenga funso, muyankha pamtima, ndipo pambuyo pace mubvundukula kuti muone ngati mwakhoza. Buku lasanduka mphunzitsi amene akufunsani mafunso nthawi iriyonse imene mufuna. Kuwerenga cabe mobwerezabwereza kunyenga munthu, pakuti maso azolowera mauwo ndipo iye aganiza kuti wawadziwa. Kudzifunsa ndiko kuonetsa poyera cimene cakhala m'mutu ndi cimene cikali pa pepala pokha.

Mwina mufunsa cifukwa cace nchitoyi iyenera kucitika madzulo a tsiku lomwelo. Mu 1885 munthu wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha kwa nthawi yaitali. Anali kuloweza timau topanda tanthauzo, nayesa kuti watikumbukira tingati patapita ola, tsiku, kapena mwezi. Anapeza kuti munthu aiwala mofulumira kwambiri m'maola oyamba, ndipo pambuyo pace kuiwalako kuyenda pang'onopang'ono. Cotero madzulo a tsiku loyamba wophunzira akali kukumbuka cimene anatanthauza pa mau amene anawalemba mothamanga, ndipo angathe kudzaza mipata. Akayembekeza milungu itatu, zolemba zace zomwe zimkhalira ngati za mlendo.

Manambala safuna kuyerekeza

M'manotsi a namwino muli manambala ambiri, ndipo nambala yolakwika ingathe kupha munthu. Galamu imodzi iri ndi mamiligalamu 1,000. Wophunzira akalemba 5 osaonetsa ngati ndi magalamu kapena mamiligalamu, walemba cinthu coopsa. Kadontho nakonso nkofunika. Theka la miligalamu lilembedwa 0.5, ndipo anamwino aphunzitsidwa kusasiya ziro wa kutsogoloyo, cifukwa kadontho kakafufutika kapena kakapanda kuoneka, wowerenga aona 5, ndiko kuti mankhwala oculuka kakhumi.

Cifukwa ca ici wophunzira wosamala acita zinthu ziwiri. Coyamba, nambala iriyonse imene wamva m'kalasi aiyerekeza ndi ya m'buku losindikizidwa kapena ya pa pepala la mphunzitsi, ndipo ikagwirizana aikapo kacizindikiro. Caciwiri, ngati sanamve bwino, salemba zongoganizira. Asiya mpata, aika cizindikiro ca funso m'mbali, nakafunsa m'mawa mwace. Akuru anati safunsa anadya phula. Ku cipatala wodya phulalo sakhala wosafunsayo, koma wodwala amene wagona pa bedi.

Inu amene muli kulimbana ndi madesimo ndi miyeso m'kalasi la masamu, dziwani kuti masamu omwewo ndiwo agwira nchito m'wodi usiku pamene namwino ali kuyeza mankhwala a mwana.

Cifukwa cace tsiku liri lofunika

Tsopano ndibwerere ku tsiku lija. Nzeru za cipatala sizikhala malo amodzi. Cimene cinali coona pamene makolo anu anali ana cingathe kukhala cosayenera lero.

Funsani agogo anu za mankhwala a malungo a masiku ao. Adzakuuzani za chloroquine, mapiritsi owawa aja amene ena anali kuyabwa nao thupi. Kwa zaka zambiri ndiwo anali mankhwala oyamba a malungo m'dziko lino, ndipo wophunzira unamwino aliyense analemba muyeso wace m'buku. Koma m'kupita kwa nthawi tizirombo ta malungo tinawazolowera, kotero kuti odwala ambiri sanali kucira. Pakati pa 2002 ndi 2004 Zambia anasiya chloroquine natenga mankhwala atsopano, artemether-lumefantrine, amene ambiri awadziwa ndi dzina lakuti Coartem. Amenewa amwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo kuculuka kwa mapiritsi kutsata kulemera kwa wodwala.

Ganizani tsono za wophunzira amene walandira faelo ya azakhali ace amene anaphunzira unamwino kale. Zolemba nzaukhondo, mitu iripo, koma masiku palibe. Adzadziwa bwanji kuti tsamba la malungo linalembedwa mu 1995? Pepala silimera imvi. Liyang'anika lanzeru lero monga linayang'anikira tsiku limene linalembedwa. Tsiku lokha ndilo licenjeza wowerenga kuti ayambe wafunsa.

Ndi cifukwa cace kusunga manotsi sikutanthauza kuunjika cabe. Pa kutha kwa temu wophunzira apenda faelo yace. Pepala limene lalowedwa m'malo ndi latsopano alicotsa, kapena alemba mzere wopingasa pa tsamba lonse ndi mau akuti, "Zinasintha, onani tsamba lakuti." Mlimi naye sasunga mbeu yofumbwa pamodzi ndi yabwino.

Ndikucenjezeninso ana inu: musamwe mankhwala kapena kupatsa mnzanu potsata zimene mwawerenga m'buku la mkuru wanu. Wodwala apite ku cipatala akapimidwe.

Kabuku ka m'thumba

Mafaelo sapita ku wodi. Kumeneko wophunzira anyamula kabuku kakang'ono kokwana m'thumba. Masamba oyamba akhala ndi manambala ofunika tsiku ndi tsiku, monga aja a kupuma kwa ana, ndi kutentha kwa thupi la munthu wabwinobwino, kumene kuli pafupi ndi madigiri 37. Masamba otsala ndi a zimene waona ndi mafunso amene afuna kukafunsa. Pa Ciweru akhala pansi nasamutsa zofunika kucokera m'kabukuka kupita m'faelo ya phunziro lace. Motero zimene anamva m'kalasi za cibayo ndi zimene anaona pa mwana wodwala cibayo zikhala pa malo amodzi, ndipo cimodzi cimveketsa cinzace.

Pa kabukuka pali lamulo lolimba. Dzina la wodwala sililembedwamo, ngakhale mudzi wace. Wophunzira alemba kuti, "Mwana wa miyezi 8, wotsokomola masiku atatu," basi. Kabuku kangathe kugwa m'basi, ndipo wokatola angakhale mnansi wa wodwalayo. Pa cifukwa comweco saloledwa kujambula wodwala kapena makhadi ace ndi foni. Matenda a munthu ndi cinsinsi cace, ndipo namwino ndi wosunga cinsinsi.

Adani a mapepala

Mapepala ali ndi adani amene nonse muwadziwa: ciswe, makoswe, mphemvu, denga lodontha, ndi mng'ono wanu amene afuna pepala lopangira ndeke. Mabuku asaikidwe pansi kapena kutsamira cipupa. Akhale pa thandala, ndipo m'nyengo ya dzinja alowe m'pulasitiki popita ku sukulu.

Foni nayo iri ndi adani ace. Ibedwa, igwa m'madzi, idzala, ndipo magetsi akazima ikhala cete pa nthawi imene muifuna. Zithunzi za mapepala zikasakanizika ndi za ukwati ndi za mpira, foniyo yasanduka katoni ija ya kunsi kwa bedi. Mwambo ndi umodzimodzi: phunziro lirilonse likhale ndi malo ace m'fonimo, pepala lirilonse lipatsidwe dzina lochula mutu ndi tsiku, ndipo zofunika koposa zikhalenso pa pepala lenileni.

Mdani wotsiriza ndi kubwereketsa kosasamala. Kuthandizana nkwabwino, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mnzanu amene anadwala ayenera kukopera zimene zinampita. Koma akopere muli pomwepo, kapena mulembe dzina lace ndi tsiku lobweza. Ndipo wokoperayo akumbukire kuti akakopera osaganiza, akopera ndi zolakwa zomwe.

Mai amene anawerenga akufa

Pa 12 Meyi caka ndi caka anamwino a dziko lonse lapansi akumbukira tsiku lao. Tsikuli ndilo limene anabadwa Florence Nightingale mu 1820. Mu 1854, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, iye anapita ndi anamwino 38 ku cipatala ca asilikali a Britain ku Scutari m'dziko la Turkey. Ambiri amkumbukira cifukwa ca nyali imene anali kuyenda nayo usiku pakati pa odwala. Koma analinso munthu wa colembera. Nkhondo itatha, anasanthula manambala a asilikali amene anafa, mwezi ndi mwezi, ndi cimene cinawapha. Manambalawo anaonetsa kuti ambiri sanafe ndi mabala a nkhondo, koma ndi matenda obwera ndi uve, monga kolera ndi kamwazi. Akuru a boma akanatha kutsutsa mau ace, koma manambala olembedwa mwadongosolo anawabvuta kuwakana, ndipo ukhondo wa m'zipatala za asilikali unakonzedwa. Mu 1860 anatsegula sukulu ya unamwino pa cipatala ca St Thomas ku London. Kucokera pa iye kufikira pa namwino amene analemba khadi lanu la ku sikelo, kulemba bwino kwakhala mbali ya kusamala odwala.

Yambani lero

Mwina wina ati, "Ine ndikali mu giredi 5, za unamwino ziri kutali." Mmera mpoyamba, mwana wanga. Dzanja limene lazolowera kulemba tsiku ndi mutu kwa zaka zambiri silidzaiwala pamene lidzagwira khadi la wodwala. Dzanja limene lazolowera kung'amba masamba ndi kulemba sayansi kumbuyo kwa buku la Cinyanja lidzabvutika kusintha pa zaka makumi awiri.

Tsegulani buku limene liri patsogolo panu. Kodi phunziro la dzulo liri ndi tsiku? Liri ndi mutu? Kodi mungathe kupeza zimene munaphunzira mwezi watha mnzanu asanawerenge kufika pa 20? Ngati simungathe, musacite manyazi, ndipo musataye bukulo. Yambani pa tsamba la lero.

Tsalani bwino ana inu, tsalani bwino aphunzitsi.

Kwa aphunzitsi: zocita pambuyo pa nkhaniyi

1. Ana alembe manambala pa masamba onse a buku limodzi, makamaka la sayansi. Popeza masamba oyamba adzala kale, mndandanda wa zamkati ulembedwe pa tsamba lotsiriza. Pa mabuku atsopano asiye masamba awiri oyamba.

2. Citani mpikisano wa kupeza. Chulani mutu umene munaphunzitsa mwezi watha, ndipo ana aimike dzanja akaupeza. Bwerezani mpikisanowu patapita milungu iwiri, ana aone okha kusiyana kwace.

3. Pa phunziro limodzi mlungu uno ana agawe tsamba patatu. Asanaweruke alembe mafunso atatu kumanzere, ndipo m'mawa mwace afunsane awiriawiri.

4. Ana awerenge kugunda kwa mtima pa dzanja la mnzao kwa mphindi imodzi, atakhala pansi, ndiponso atathamanga kuzungulira bwalo. Alembe tsiku, nthawi ndi manambala onse awiri. Akumbutseni kuti mtima wa mwana ugunda mofulumira kuposa wa munthu wamkuru.

5. Mapepala a mayeso amene mubwezera ana asapite kunyumba ali okhaokha. Mwana aliyense apange faelo ya katoni ndi cingwe. Pocongera mabuku, yamikirani tsiku ndi mutu monga muyamikira yankho lokhoza. Inunso lembani tsiku pa bolodi ndi pa pepala lirilonse limene mugawa, pakuti ana atsata zimene aona.

6. Ngati pafupi ndi sukulu pali kiliniki, pemphani namwino kuti adzaonetse ana khadi la ku sikelo losalembapo, ndi kufotokoza cimene cilembedwa m'danga lirilonse.

Mafunso

1. Chulani zinthu zitatu zimene zilembedwa pamwamba pa tsamba phunziro lisanayambe.

2. Mwana wa zaka 3 wapuma ka 44 pa mphindi imodzi. Kodi ali kupuma mofulumira? Nanga mwana wa miyezi 6 amene wapumanso ka 44?

3. Cifukwa ninji namwino alemba 0.5 osasiya ziro wa kutsogolo?

4. Kodi nkhani ya chloroquine itiphunzitsa ciani za mapepala opanda tsiku?

5. Cifukwa ninji wophunzira unamwino salemba dzina la wodwala m'kabuku kace ka m'thumba?